Ngongole yomweyo, ku Leeds n'zophweka koma ku Glasgow mutu umawawa

Amalawi anzanga muli kuno ku UK, tisanamizane, timakongozana ndalama zambiri, ya deposit ya nyumba, ya viza, ya tikiti yothamangira maliro kumudzi, ndiye munthu akayamba zija za "mawa achimwene, mawa" mpaka kukublokani pa WhatsApp mpamene timayamba kufunsa za kukhoti.

Chimene chimandinyansa n'choti dzikoli pa nkhani imeneyi si limodzi. Ku England ndi Wales small claims, njira yachidule yosumira milandu ya ndalama zochepa, imafika pa £10,000, fomu umadzaza wekha pa intaneti, loya safunika, ndipo ukaluza kawirikawiri sulipira loya wa mnzakoyo. Ku Scotland amati simple procedure, ku sheriff court, koma imathera pa £5,000 basi. Northern Ireland nayo ili pa £5,000, chonsecho anakweza mu 2022 kuchoka pa £3,000.

Ndiye taganizani mwakongoza munthu £7,000. Akakhala ku Leeds, ku England, mumalipira £455 yosumira nkhani n'kuyamba kuyenda. Akangosamukira ku Glasgow, ku Scotland, zasintha, paja nthawi zambiri umakasuma komwe wangongoleyo akukhala, ndiye ndalama yomweyo yalowa kale mu ordinary cause, njira ya milandu ikuluikulu, mapepala ambirimbiri, popanda loya n'kovuta, ukaluza ulipirenso zimene winayo wawononga. Ngakhale nthawi ndi yosiyana, ku England uli ndi zaka 6 kuti usume, ku Scotland zikadutsa zaka 5 ngongoleyo yafa.

Ine ndimaona kuti malire otsikawa amathandiza okana kubweza. Ena amati ndalama ikakula mlandu umafunika kuufatsira, chabwino, koma chovuta n'chiyani pa £7,000 yoti umboni wake ndi bank transfer ndi meseji yoti "ndibweza pakutha pa mwezi"? Wokongozayo mwina ndi mayi wa ma night shift ku care home, ya loya aipeza kuti? Amangoisiya ndalamayo, wangongole uja ali phee kuponya zithunzi za holide pa Facebook.

Abale athu a ku Joni nawo musaseke. Kumeneko mu 2019 anakweza malire a small claims kuchoka pa R15,000 kufika R20,000, maloya saloledwa n'komwe m'khotimo zomwe ndi zabwino ndithu, umayamba ndi kalata yomupatsa masiku 14 kuti abweze, koma pa malire a 2019 amenewo akakudyera R25,000 ukafuna kudzera njira imeneyi R5,000 inayo uyenera kuitaya wekha ndipo sungadzaifunsenso.