Soketi ya Angelezi, tchaja ya ku China

Dzulo ndagula tchaja yachitatu chaka chino. Kufika kunyumba kuti ndiilowetse pakhoma, yakana. Mano ake ndi awiri opyapyala, a ku China, pomwe soketi zathu ndi za mabowo atatu amakona, zomwe tinatengera kwa Angelezi. Ketulo imene alamu anabwera nayo kuchokera ku Joni nayo ili ndi mano atatu obulungira, onenepa ngati zala.

Ndiye mumapeza munthu wamkulu, wandevu zake, atagwada pansi akutokosa bowo lapamwamba ndi chivindikiro cha bolopeni kuti apansiwo atseguke. Ukagula adaputa kwa mavenda, sabata siitha, yayamba kuthetheka, kenako fungo la pulasitiki wopserera nyumba yonse.

Sindikukana, foni yotchipayi ndi imene ndimalandirira ndalama pa Airtel Money, ndipo amayi kumudzi amandimva mawu tsiku lililonse. Koma katundu achite kuwoloka nyanja, kutsika padoko la Beira kapena Dar es Salaam, kulowera pa Mwanza kapena Songwe, osapezeka ndi mmodzi yemwe wofunsa kuti kodi kumene akupitaku makoma ake ndi otani? Panopa batire yatsala 4 peresenti, ndipo chivindikiro chija ana asowetsa.