Guava akhale kuseri, pakhomo paime List

Anzanga a Java, ndiloleni ndidandaule pang'ono. Loweruka langa lonse lathera pa nkhani ya Guava, laibulale ya Java yopangidwa ndi Google.

Mnzanga wina wa ku Nkhotakota akupanga pulogalamu yolembera matumba a mpunga amene alimi amabweretsa ku kopaletivi. Anatenga kalaibulale kanga kowerengera ndalama n'kukalowetsa. Kukompaila, zonse bwino. Kuyatsa, NoSuchMethodError, kutanthauza kuti method ina imene ikuitanidwa palibe. Foni inalira ndili pa Kamuzu Road pano pa Salima, ndikudikira kabaza: "Aise, chinthu chako chija chandiphera ntchito."

Sananame. Ma method anga onse ankabweza ImmutableList ya Guava (mndandanda wosasinthika), ndiye aliyense wotenga laibulale yanga ankatenga ndi Guava yemwe, afune asafune. Kwa iye kunali kale laibulale ina yokalamba yodalira Objects.toStringHelper, amene anachotsedwa mu Guava 21. Gradle, chida chosonkhanitsa ma laibulale n'kumanga pulogalamu, ikapeza ma version awiri a Guava imasankha wamkulu. Inasankha wanga, nkhalamba ija n'kugwa.

Chondiwawa n'chakuti mankhwala ake ndimawadziwa. Guava akanakhala mkati mokhamokha, ndikanamusintha dzina la package ndi Shadow plugin ya Gradle, n'kumubisa mu jar yanga (fayilo ya laibulale), osakumananso ndi wa munthu. Koma ukamuika pa method imene anthu amaitana, njira imeneyo yatsekeka. ImmutableList wosinthidwa package ndi mtundu wina, code ya mnzako siimudziwa.

Ubwino wa ImmutableList sindikuukana ayi. Dzina lokhalo limakuuza kuti usagwire, add() amaoneka wokhwatchidwa mu IDE (pulogalamu yolembera code) usanalakwe n'komwe, ndipo null salowamo. A Guava eni ake amalangiza kubweza ImmutableList. Kwa Google n'zomveka, code yawo yambiri ili m'nkhokwe imodzi, version imodzi. Ife timatola ma jar uku ndi uku, bundle ikutha.

Paja amati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Mako pano ndi Java mwini wake: Java 9 inabweretsa List.of mu 2017, Java 10 inawonjeza List.copyOf mu 2018. Zonse sizisinthika, null zimakananso. Kuchepa mwendo kwake n'kwakuti pakhomo pamangolembedwa List, ndiye woyesa add() amadziwira pulogalamu ikuyenda, UnsupportedOperationException itamuwomba. Zimenezo ndazilemba mu Javadoc (malongosoledwe a code), mzere umodzi.

Ndasintha ma method onse kuti azibweza List usiku, magetsi atabwera. Mnzanga uja anali atalemba kale ImmutableList paliponse mu code yake, moti nayenso akhala akufufuta mpaka Lolemba. Ndamulonjeza chambo cha ku Senga Bay.