Tabuleti m'manja mwa mwana ku Mchinji, m'manja mwa aphunzitsi ku Katete

Kuchokera pa Mchinji boma kukafika ku Chipata si ulendo woti munthu n'kutengera kamba. Chilankhulo ndi chomwecho, nsima ndi yomweyo, ndipo mu Ogasiti tonse timakakumana ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba. Koma mukalowa m'kalasi la ana aang'ono mbali ziwirizi n'kuyang'ana amene wagwira makina ophunzirira, mupeza kuti ife ndi anzathu a ku Zambia tinalowera njira zosiyana. Ndakhala ndikuziganizira njira ziwirizi chifukwa ana amene akukhudzidwa ndi athu omwe, kaya ali mbali iti ya Mwami.

Kuno kwathu nkhaniyi inayambira pa sukulu ya pulayimale ya Biwi ku Lilongwe mu 2013, pomwe bungwe la ku Britain la onebillion linayesa masamu a pa tabuleti m'Chichewa. Kafukufuku amene anachita Nicola Pitchford wa ku yunivesite ya Nottingham anapeza kuti ana omwe anagwiritsa ntchito matabuletiwo kwa masabata 8 anapita patsogolo pa masamu kuposa anzawo omwe anangophunzira mwa masiku onse. Bungwe la VSO linapititsa ntchitoyi m'sukulu zina pansi pa dzina loti Unlocking Talent, kenako mu Seputembala 2023 Unduna wa Zamaphunziro unaitenga n'kuyambitsa pulogalamu ya matabuleti yotchedwa BEFIT m'sukulu 500 zoyamba, mothandizana ndi mabungwe a Imagine Worldwide, onebillion ndi VSO. Cholinga chake n'chakuti pofika 2029 sukulu zonse za pulayimale za boma, zomwe zilipo pafupifupi 6,000, zikhale zitafikiridwa, kuyambira Sitandade 1 mpaka 4.

Anthu amangoti "maphunziro a pa intaneti", koma mwana wa BEFIT safuna netiweki kapena bandulo. Maphunziro onse ali kale m'katimo. Mwana amavala mahedifoni, mawu a mphunzitsi wa m'makinamo, yemwe anamupatsa dzina loti Alefa, amamulankhula m'Chichewa, ndipo pulogalamuyo imayamba yaona pomwe mwanayo ali isanamupatse ntchito. Amene akuvutikabe ndi a, e, i, o, u amakhala pomwepo mpaka agwire, pomwe mnzake wa pambali pake ali kale pa kankhani kathunthu. Nthawi ikatha matabuleti amapita ku kalasi lina, ndipo amatchajidwa ndi magetsi a sola.

Ine ndimaona kuti apa tinaganiza bwino, ndipo ndinene chifukwa chake. Chiyambireni pulayimale yaulere mu 1994, pomwe ana anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni m'chaka chimodzi, makalasi a m'munsi sanapumepo. Kalasi la Sitandade 1 la ana opitirira 100 si chinthu chachilendo. Mphunzitsi ngakhale akhale waluso chotani, sangamve mwana aliyense akuwerenga. Amaphunzitsa omwe ali kutsogolo, a kumbuyo amangoyimba nawo. Kafukufuku wa m'makomo wotchedwa MICS wa 2019 mpaka 2020 anasonyeza kuti mwa ana a zaka 7 mpaka 14, ana 19 okha pa 100 ndi omwe ankatha kuwerenga ndi kumvetsa kankhani kosavuta. Kwa mwana wa kumbuyo uja, mphindi zimene ali ndi tabuleti mwina ndi nthawi yokhayo pa tsiku pomwe wina amamufunsa iye payekha n'kumudikira kuti ayankhe. Komanso kalembera wa 2018 anapeza kuti ndi mabanja 11 okha pa 100 omwe ankaunikira magetsi. Dongosolo lililonse lodalira soketi ndi intaneti likanathera m'matauni.

Ku Zambia anayamba nthawi yofanana ndi ife. Kampani ya iSchool inatulutsa tabuleti yotchedwa ZEduPad yokhala ndi maphunziro a pulayimale m'Chingerezi ndi m'zilankhulo za kumeneko, Chinyanja chili momwemo, ndipo pambuyo pake ntchitoyi inadziwika ndi dzina loti Mwabu. Chomwe chimandikopa kwambiri ndi momwe bungwe la Impact Network linagwiritsira ntchito maphunzirowa m'sukulu za m'midzi za ku Katete, Sinda ndi Petauke. Kumeneko tabuleti inapita m'manja mwa aphunzitsi, pamodzi ndi kamakina koonetsera zithunzi pa khoma ndi sola. Aphunzitsi ake ndi anthu a m'midzi yomweyo, ambiri osadutsa ku koleji, ndipo sabata iliyonse kumabwera wowayendera amene amakhala m'kalasi, kuonerera, kenako kukambirana nawo. Mwana amaphunzira kwa munthu, ndipo munthuyo ndi amene makina akumukweza.

Ndisaname, sukulu zimenezi ndi makumi angapo chabe, sizingafanane kukula ndi BEFIT. Koma ganizo lake ndi lolemera. Tabuleti ya mwana ikafa, zomwe inkachita zimafera limodzi. Mphunzitsi amene wayenderedwa sabata ndi sabata kwa zaka zitatu amatsala ndi luso lake ngakhale makina atawonongeka. Ichi ndi chimene chimandidetsa nkhawa kwathu kuno: kuti mphunzitsi angasanduke wogawa matabuleti ndi wotolera mahedifoni, n'kubwerera pa bolodi ngati kuti zomwe ana achita m'mphindi zapitazo sizikumukhudza. Makinawo amadziwa mwana amene wakakamira pa kuchotsera. Ngati mphunzitsi wa kalasilo sakuzidziwa, taluza theka la phindu lake.

Boma la Zambia nalonso linapunthwapo, ndipo kupunthwa kwake kutiphunzitse. Silabasi ya 2014 inalowetsa phunziro la kompyuta ku Giredi 8 ndi 9 sukulu zambiri zilibe makompyuta okwanira, zina zilibe ndi magetsi omwe. Pa mayeso oyamba mu 2015 ana m'malo ena anadikirana pa makompyuta ochepa mpaka usiku. Mu 2024 chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba, magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse, ndipo ngakhale sukulu za m'tauni zinaona kuti waya wa magetsi pakhoma si chitsimikizo. Pamenepa sola yathu ija inaoneka nzeru.

Koma pali chinthu chimodzi chomwe a ku Zambia anachita chimene ndimachisirira poyera. Mu 2022, chaka chomwe boma la Hakainde Hichilema linachotsa fizi mpaka ku sekondale, linalembanso ntchito aphunzitsi 30,496 nthawi imodzi. Makalasi awo adzazabe chifukwa ana anabwerera kusukulu ambirimbiri, komabe ndalama anaiika pa munthu. Ife tili ndi achinyamata omwe anamaliza ku makoleji a uphunzitsi n'kukhala zaka pakhomo kudikira kulembedwa, pomwe kalasi la ana 120 lili pafupi ndi kwawo. Ndimakondwera ndi tabuleti, koma ndikamva wina akuyankhula ngati kuti yabwera kudzatseka dzenje la aphunzitsi, mtima umandiwawa. Mwana amakhala nayo kagawo kochepa ka tsiku. Maola ena onse ali ndi munthu, kapena alibe.

Ku Tanzania anachita chinthu chosavuta: atamaliza kalembera wa 2022, matabuleti omwe anagwiritsa ntchito powerenga anthu anawagawira aphunzitsi. Dzikolo ndi komwenso pulogalamu ya onebillion inayesedwa m'midzi ya ku Tanga pa mpikisano wa Global Learning XPRIZE, womwe inapambana mu 2019 pamodzi ndi Kitkit School. Mwayi wawo waukulu ndi Chiswahili, chomwe ndi chilankhulo chophunzitsira m'pulayimale za boma m'dziko lonse, kotero phunziro limodzi limayenda kuchokera ku Mtwara mpaka ku Mwanza.

Ife timakonda kudziona ngati tili ndi mwayi womwewo chifukwa cha Chichewa, koma mwana wa zaka 6 wa kumudzi ku Rumphi, ku Karonga, ku Mangochi kapena ku Nsanje amafika pa sukulu ndi Chitumbuka, Chinkhonde, Chiyao kapena Chisena. Kwa iye mawu a m'mahedifoni ndi chilankhulo chachiwiri, ndipo Chingerezi chikumudikira kutsogolo ngati chachitatu. A ku Zambia anavomereza kalekale kuti ali ndi zilankhulo zisanu ndi ziwiri za m'sukulu, ndipo opanga maphunziro a pa tabuleti anatsatira zomwezo. Kujambula mawu m'chilankhulo china n'kotsika mtengo kusiyana ndi kusindikiza mabuku atsopano dziko lonse. Ngati pali malo pomwe makinawa angachite chomwe bolodi ndi choko zinalephera, ndi pamenepa.

Ku sekondale ndiye mayiko tonse tilibe choti tinyadire. Sukulu zitatsekedwa pa 23 Marichi 2020 chifukwa cha Covid-19, Unduna unaika manotsi a Fomu 1 mpaka 4 pa tsamba la pa intaneti la Notesmaster ndipo TNM inalola ophunzira kulowapo osalipira. Ku Zambia anatsegula kanema wa maphunziro pa ZNBC ndi tsamba lobwerezerapo mafunso a mayeso. Ku Mozambique anaika maphunziro otchedwa Telescola pa kanema wa TVM. Konseko amene anapindula ndi mwana wokhala ndi foni yamakono kapena TV pakhomo. Mwana wa pa CDSS ya kumudzi, yemwe amagawana buku limodzi la Biology ndi anzake angapo ndipo sanaonepo labotale, anatsala ndi wailesi ndi khasu. Chonsecho iyeyu ndi amene kanema wa mphindi zisanu woonetsa momwe asidi amasinthira mtundu wa kapepala angamuthandize kuposa wina aliyense, chifukwa MSCE yomwe adzalembe ndi yomweyo ya mnzake wa pa sukulu ya national. Nzeru ya BEFIT, yoika zonse m'kati mwa makina ndi kudalira dzuwa, sinafikebe pa mlingo womwewo ku ma CDSS, ndipo m'sukulu zambiri foni ikapezeka ndi wophunzira ndi mlandu.

Funso lina lomwe makomiti a sukulu ayenera kumafunsa mosachita manyazi ndi la mawa. Batire limatha mphamvu, galasi limasweka, mahedifoni amaduka msanga m'manja mwa ana. Ku Kenya boma linagawa matabuleti opitirira 1 miliyoni m'sukulu za pulayimale kuyambira 2016, ndipo ambiri anathera m'makabati chifukwa aphunzitsi sanakonzekeretsedwe mokwanira ndipo okonza anali kutali. Ndalama zambiri zoyambira BEFIT zachokera kwa abwenzi akunja. Ndikufuna kuona mzere wake mu bajeti ya boma chaka ndi chaka, ndiponso mnyamata kapena mtsikana wa pa TDC (malo omwe aphunzitsi a m'dera amasulidwira) amene amadziwa kusintha batire osadikira munthu wochokera ku Lilongwe.

Ndipo pali chuma chimodzi chomwe tachikhalira. Maphunziro a Chichewa a m'matabuletiwa anapangidwa kale, ntchito yaikulu inatha. Mwana wa ku Vubwi kapena ku Chadiza angawamve bwinobwino. Wa ku Angónia, kuseri kwa Dedza, angawamvenso, ndipo ku Mozambique Chinyanja chili kale m'gulu la zilankhulo zomwe sukulu zina zimaphunzitsira limodzi ndi Chipwitikizi. Kalembedwe kamasiyana pang'ono, silabasi imasiyana pang'ono, zomwe akadaulo a maunduna atatuwa angakonze atakhala pa tebulo limodzi. Ife tikanapereka Alefa, a ku Katete akanatiphunzitsa kayenderedwe ka aphunzitsi ka sabata ndi sabata. Mafumu a mayiko atatuwa amakwanitsa kukumana ku Mkaika chaka chilichonse. Ndikufuna kudzamva kuti a zamaphunziro a ku Mchinji, Chipata ndi Ulónguè (likulu la Angónia) nawonso anakumana, tabuleti ili pakati pawo.