Za John McCain ndi asilikali a kwathu kuno

Nkhani mwalembayi ya John McCain, woyendetsa ndege wa gulu lankhondo la pamadzi la America amene anagwetsedwa ku Hanoi, m'dziko la Vietnam, mu 1967, yandikhudza mtima kwambiri, makamaka poti anakana kumasulidwa msanga pamene omugwirawo anadziwa kuti atate ake ndi mkulu wa asilikali, nasankha kuzunzika pamodzi ndi anzake mpaka 1973. Atatuluka m'ndendemo sankathanso kukweza manja kuti apese tsitsi lake. Komabe ife kuno ku Chipata tili nawo makolo athu a Northern Rhodesia Regiment, gulu la asilikali a dziko lino m'nthawi ya atsamunda, amene anamenya nkhondo ku Somaliland mu 1940 ndiponso ku Burma. Ndikupempha alembi kuti mupite m'midzi, mukacheze ndi mabanja awo, mutilembere mbiri yawo ana awo akadali moyo.