Tisamadikire sitiraka kuti tikhalirane pansi

Ndaphunzitsa m'sukulu za pulayimale kuno ku Dedza kwa zaka zambiri, ndipo chimene chimandidandaulitsa n'chakuti atsogoleri a bungwe lathu la aphunzitsi la Teachers Union of Malawi (TUM) ndi akuluakulu oyendetsa maphunziro amaoneka ngati amakumbukirana pokhapokha aphunzitsi akaopseza kuti aika choko pansi. Tinaziona mu 2017 pa nkhani ya ndalama za tchuthi, ndipo tinazionanso mu February 2021 pamene sukulu zimayenera kutsegulidwa koma aphunzitsi anakana kulowa m'kalasi pofuna alawansi ya chiopsezo cha Covid-19. Chaka chomwecho cha 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la Labour Relations Act la 1996, n'kupereka mphamvu kwa olemba ntchito yodula malipiro a munthu amene wanyanyala ntchito kupitirira masiku atatu pa chaka. Ngati khomo la sitiraka lachepetsedwa chonchi, payenera kutseguka khomo lina lolankhulirana, apo ayi madandaulo adzangofufuma m'mitima.

Maganizo anga ndi akuti boma lililonse, monga lathu la Dedza, likhale ndi komiti yokhazikika ya mbali ziwiri, yokumana kamodzi pa teremu, momwe mukhale oimira aphunzitsi ndi oimira ofesi ya maphunziro ku khonsolo, chiwerengero chofanana. Kwathu kuno ankhoswe sitiwaitana tsiku losudzulana lokha. Amadziwana kuyambira pa chinkhoswe, ndipo nkhani ya mchere wosowa m'nyumba amaimva isanasanduke mlandu wa kwa mfumu.

Zokambirana za ku Lilongwe zokhudza malipiro n'zofunika, sindikutsutsa, koma zambiri zimene zimamudya mphunzitsi tsiku ndi tsiku sizingafike pa tebulo la ku Capital Hill. Mnzanga wina, mayi wa ana atatu, analandira kalata yomusamutsa pakati pa teremu kuchoka kumtunda kuno kupita kumunsi kwa phiri, cha kunyanja. Galimoto yonyamula katundu sinabwere. Atafika anapeza kuti nyumba imene anamulonjeza muli kale mphunzitsi wina, moti kwa masabata angapo ankagona m'kachipinda kosungiramo mabuku, matumba ake a chimanga atawaunjika pakhonde n'kuwafunditsa lona. Iye sankakana kusamuka, chifukwa tonse tikudziwa kuti chiyambire maphunziro aulere mu 1994 sukulu zakumidzi zili ndi ana ochuluka kuposa aphunzitsi. Chimene ankafuna n'chakuti wina amufunse za ana ake omwe anali pafupi kulemba mayeso, komanso kuti nkhani ya nyumba itsimikizike asananyamuke. Nkhani yotere komiti ingathe kuimaliza tiyi asanazizire, ndipo tiyi wa ku Dedza kuno sachedwa kuzizira.

Akuluakulu nawonso angapindule, chifukwa ali ndi madandaulo awo oona amene ife sitikonda kuwamva. Alipo aphunzitsi ojomba, ena amafika m'kalasi akununkha mowa, ndipo ena amakakamira sukulu za m'mbali mwa msewu wa M1 pogwiritsa ntchito achibale awo a maudindo. Bungwe la aphunzitsi likakhala nawo pokonza ndondomeko ya kasamutsidwe, silidzakhalanso ndi nkhope yotetezera munthu amene walakwa poyera.

Mantha anga ali pa kasankhidwe ka anthu. Oimira aphunzitsi asankhidwe ndi aphunzitsi anzawo m'mazoni, osati kutomoledwa ndi a PEA (alangizi oyang'anira sukulu za pulayimale m'zoni) kapena aphunzitsi aakulu, pakuti munthu amene akuyembekezera kukwezedwa pa ntchito sangatsutse bwana amene wamuika pampandopo. Pakhale amayi, pakhalenso woimira sukulu zakutali kumene mvula ikagwa njinga yamoto siifika. Msonkhanowo uchitikire pa TDC (malo ochitirapo maphunziro ndi misonkhano ya aphunzitsi m'zoni), osati ku hotela ya kunyanja, chifukwa alawansi ikangolowapo anthu adzayamba kulimbirana mipando m'malo molimbana ndi mavuto.

Ndipo zonse zimene agwirizana zilembedwe n'kukhomedwa pa bolodi la pa TDC iliyonse, posonyeza amene wapatsidwa ntchitoyo ndi tsiku loimalizira, kuti teremu yotsatira mphunzitsi wa Sitandade 1 amene mwezi uno dzina lake lasowa pa ndandanda wa malipiro athe kuloza ndi chala n'kufunsa kuti nkhani yake yafika pati.