Musatiletse kukumbuka Maule a 2004

Dzulo madzulo ndinali pometetsa pa Kamuzu Road pano, magetsi anali atathima ndiye tonse tinangokhala pabenchi kudikira, nkhani ya mpira nkuyamba yokha ngati mwa masiku onse. Panali madala ena amene amasoka zovala pakhonde loyandikana nalo, munthu wa Bullets, timu imene timaitchula kuti Maule, kuyambira timuyi ikadali Bata Bullets, anangoti atchule za 2004 basi mnyamata wina wovala jezi ya Arsenal nkuwadula pakamwa, amvekere "madala inu nkhani zanu nzomwezomwezo, mbiri sitidya ife." Anthu kuseka. Madala aja anangoti zii, nkuyang'ana pansi, kenako ananyamuka kubwerera ku makina awo. Ine zinandipweteka kwambiri, usiku wonse zakhala zikundizungulira m'mutu ndiye ndati bola ndilembe pano.

Aphwanga, mukamatimva tikuti 2004, 2004, musamaone ngati ndi ukalamba chabe. Chaka chimenecho timu ya kuno kumudzi inalowa mu ndime ya magulu ya CAF Champions League, ndipo nthawi imeneyo mundimeyi munkalowa matimu 8 okha mu Africa yonse, osati 16 ngati masiku ano. Matimu 8, umodzi mwa iwo nkukhala wa ku Malawi. Inkatchedwa Bakili Bullets poti a Bakili Muluzi ndi amene ankaithira ndalama, kochi anali Kinnah Phiri. Ndipo sinalowe chifukwa cha mwayi ayi, inayamba yatulutsa SC Villa ya ku Uganda, kenako Zanaco ya ku Zambia, kenako Orlando Pirates yeniyeniyo ya ku Joni imene ambiri mwa inu mumavala majezi ake. M'gulumo inakakumana ndi Enyimba ya ku Nigeria, Etoile du Sahel ya ku Tunisia ndi Africa Sports ya ku Ivory Coast. Sitinapitirire, zoona, ndipo Enyimba kwawo inatikwapula moti sindifuna nkukumbuka komwe, koma dziwani kuti Enyimba ndi Etoile omwewo ndi amene anakakumana mu fainolo ya chaka chimenecho, Enyimba nkutenga chikho. Ndiye kuti anyamata athu ankalimbana ndi matimu awiri amene anali pamwamba pa onse mu Africa.

Kuchokera nthawi imeneyo mpaka lero, ndi timu iti ya kuno yomwe yapondanso pamenepo? Palibe. Bullets yomweyo ayi, Wanderers (Manoma) ayi, Silver ayi. Ndiye munthu akakumbuka chinthu chomwe chinachitika kamodzi kokha m'dziko muno inu muziti akubowa?

Ine nthawi imeneyo ndinali kamnyamata ku Senga Bay, bambo anga anali asodzi. TV kwathu kunalibe, mpira tinkaumvera pa wailesi, kawailesi kakuda komangidwa ndi mphira chifukwa chotsekera mabatire chinali chitathyoka. Tsiku la gemu mabatire aja tinkawayanika padzuwa kuyambira m'mawa pamwamba pa thandala la usipa kuti akhale ndi mphamvu, eriyo tinkailumikiza ndi waya nkuukoleka pa mtengo wa mango. Anthu ankabwera ndi maukonde awo kudzasokera pompo, wina singano m'manja, ukonde wakola kuchala chakuphazi, koma mpira ukafika pagolo manja onse ankaima. Mawu a wolengeza akakwera ngakhale agalu ankaoneka ngati akumvetsera. Mphepo ikawomba siteshoni inkathawa, kumangomveka shiii, ndiye bambo ankainyamula wailesi ija kuiika pakhutu nkumazungulira nayo bwalo lonse, ife ana pambuyo pawo kufunsa kuti bwanji bambo, chalowa? Tsiku limene zinadziwika kuti Pirates yatuluka, kugombe kunali ngati kuli ukwati, anthu kumenya zigubu za mafuta a injini, amayi kululutira ngakhale ena sankadziwa kuti Pirates nchiyani. Malume anga anali Noma wa magazi, munthu amene Bullets ikagonja ankabwera dala kunyumba kudzapempha moto kuti awaseke bambo, koma tsiku limenelo ndinawaona ndi maso angawa atawanyamula bambo m'mwamba. Bwato lathu linalowa m'madzi mochedwa usiku umenewo ndipo palibe anadandaula.

Osewerawo nkhope zawo sitinkazidziwa bwinobwino, tinkangowaona pa nyuzipepala yakale imene mwina yakulungira sopo ku golosale. Koma mayina tinkawadziwa ngati abale athu. Swadick Sanudi pagolo, Peter Mponda kumbuyo, James Chilapondwa, Fischer Kondowe kumbali uko akuthamanga ngati alibe mapapo, Robert Ng'ambi akadali mwana. Tikamasewera mpira wachikulunga pamchenga aliyense ankalimbirana kukhala Fischer. Masiku ano mwana wa pa Lifuwu kapena pa Chipoka mukamufunsa akutchulirani osewera onse a Manchester City mpaka apabenchi, koma a timu ya kwawo atchula atatu nkuima.

Pano pali mfundo imene ena a Maule anzanga sakondwa nayo ndikainena, koma ndinena. Mu 2023 Bullets ya Kalisto Pasuwa inatenga zikho zinayi chaka chimodzi, ligi, FDH, Airtel Top 8 ndi Castel, ndipo ine ndinavina nawo, inali ntchito yaikulu. Ligi anaitenga kasanu motsatizana kuyambira 2018. Komabe kwa ine timu ya 2004 ili pamwamba. Chifukwa chake nchakuti kumenya anzako a m'mudzi momwemo chaka ndi chaka sikukuuza kutalika kwako, umadziwika ukatuluka. Mu 2022 tinatuluka nkukumana ndi Simba ya ku Tanzania, ulendo unathera pomwepo. Mu 2023 momwemo, chaka cha zikho zinayicho, TP Mazembe inatibweza. Pamene anyamata a Kinnah ankatenga ligi kuno, paja Bullets inaitenga kasanu ndi kawiri motsatizana kuyambira 1999 mpaka 2005, nkupitanso kunja kukagwetsa zimphona. Ndiye madala akamati 2004 sakukana za lero ayi, akukuonetsani pamene chingwe chinafika kuti mudziwe kuti panopa tikudumpha pafupi.

Ndipo chimene chinachititsa sichinali mankhwala kapena chozizwitsa. Osewera abwino anasonkhanitsidwa pamodzi, ankalandira ndalama zooneka, ankakonzekera mokwanira, ndipo anakhala limodzi nthawi yaitali mpaka kudziwana mapazi. Thandizo lija litatha timu inabalalika, ambiri anapita kukasewera ku Joni, Bullets nkulowa m'zaka za mavuto zimene masapota akale akuzikumbuka bwino. Apa mpamene pamandiwawa, chifukwa zikuonetsa kuti luso lilipo m'dziko muno, chimasowa nchoti anthu aluso asungidwe. Kinnah yemweyo anadzatenga Flames nkupita nayo ku AFCON ya 2010 ku Angola, tinaichapa Algeria 3-0, Russell Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda kumwetsa, Algeria imene chaka chomwecho inapita ku World Cup. Kaputeni anali Peter Mponda wa 2004 uja. Zinthuzi nzolumikizana aphwanga, sizinagwe kumwamba.

Komanso mnyamata wa jezi ya Arsenal uja sindikumuda kwenikweni. Iyeyo chigoli cha Gabadinho Mhango chomwe anamwetsa Morocco ku Cameroon mu 2022 ali nacho mufoni, akhoza kuchionera kakhumi patsiku, ndiye amachikhulupirira. Za Thierry Henry za 2004 yomweyo, pamene Arsenal inamaliza ligi osagonja, wazionera pa YouTube ngakhale anali asanabadwe, ndipo amazinyadira, kumeneko sanena kuti mbiri sitidya. Koma za Bullets ndi Pirates akazionera kuti? Ine ndafufuzapo pa intaneti kangapo, zimene ndimapeza ndi timizere ta zotsatira basi. Mbiri yathu yatsala m'mitu mwa anthu ngati madala osoka aja, asodzi a kugombe, oyendetsa kabaza achikulire amene anamvera pa wailesi ngati ine. Bambo anga anapita nazo kumanda nkhani zawo za Flames ya 1978 ndi 1979 imene inatenga chikho cha East and Central Africa kawiri motsatizana, ankazifotokoza mpaka kuimirira kuonetsa mmene Kinnah ankadumphira mpira wamutu, ine ndinkangomvera mwachibwana osasunga. Lero ndikanapereka chilichonse kuti ndiwamvenso.

Ndiye munthu wamkulu akayamba kufotokoza inu nkumudula, mukutseka buku lokhalo lomwe tili nalo. Tsutsanani naye ngati mukufuna, muuzeni kuti timu ya lero ikanaimenya ya kale, mpira umakoma ndi mkangano, koma mulekeni amalize kaye. A Manoma nawonso akamakumbuka ligi ya 2017, kapena a Silver akamanena zawo za 2013, ine ndimawamvera ngakhale sindili mbali yawo.

M'mawa uno ndisanapite ku ntchito ndinadzera pakhonde paja ndi thalauza langa long'ambika thumba. Madala aja anandilandira bwino koma za mpira sanayambitse, ndinachita kuwafunsa ndine kuti agogo, tsiku la Pirates lija munali kuti? Anasiya kupalasa makina, nkuvula magalasi. Akuti iwo anakwera basi kuchokera kuno mpaka ku Blantyre, ndalama yake anagulitsa mbuzi, anagona pa depoti, ndipo tikiti yake akuti ikadali m'sutikesi kunyumba. Ndawapempha kuti Loweruka abwere nayo, ndidzawajambula pafoni akufotokoza kuyambira pamene anakwerera basi mpaka pamene anabwerera, ndipo ndidzaika pompano. Mphwanga wa Arsenal uja ndamuuza kale kuti adzakhalepo, foni adzagwira ndi iyeyo.