Chenjezo kwa eni galimoto zakale muno mu Zomba

Ana anga, achimwene ndi achemwali amene muli ndi galimoto muno mu Zomba, lero ndikudzudzulani, ndipo wofuna kukwiya akwiye. Ndatopa kuona galimoto zoti zikanayenda zaka zina zambiri zitakhazikidwa pa njerwa kuseri kwa nyumba ku Matawale, ku Chinamwali ndi ku Mpondabwino, nkhuku zikuikira mazira pampando wa dalaivala, mwini wake akuuza aliyense wodutsa kuti "inakalamba, makilomita anachuluka." Limenelo ndi bodza. Galimoto zimenezi munazipha ndinu, pokana kugula tinthu totchipa pa nthawi yake.

Ambirife sitinagulepo galimoto yatsopano. Ma Vitz, Sienta, Passo, Probox, Tiida, Demio ndi Fit amene adzaza m'tauni muno anabwera kuchokera ku Japan atagwira kale ntchito, ambiri anatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kuyenda pamsewu ulendo wonsewo kudzalowera pa Songwe. Imafika m'manja mwanu ili kale ndi makilomita 80,000 kapena kupitirira 100,000, ndipo nambala ya pa dashibodiyo si yoti muilumbirire, pali akathyali amene amaibweza m'mbuyo. Zimenezo pazokha si vuto. Injini yosamalidwa bwino imatha kudutsa makilomita 300,000 isanatsegulidwepo. Koma kwawoko inkayenda pa tala wosalala, pomwe kuno ikudya fumbi la njira ya ku Chingale, matope a ku Kachulu, maenje ndi zitunda. Ikufunika chisamaliro choposa chimene inkalandira kumeneko.

Nanga inu mumatani? Loweruka lililonse galimoto ili kotsukitsa, matayala apakidwa polishi, magalasi adetsedwa, masipika akugunda mpaka anthu a pa depoti kutembenuka. Koma boneti simunatsegule chidutsire Khirisimasi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nkhani yaikulu ndi ya oyilo, ndipo apa ndikhalitsapo. Oyilo satha mphamvu chifukwa cha mtunda wokha. Kutentha kumamutha, fumbi limamudetsa, ndipo timaulendo tifupitifupi ta m'tauni muno, kuchoka ku Sadzi kupita ku msika n'kubwerera, timamuwononga kwambiri chifukwa injini imazimitsidwa isanatenthe mokwanira kuti chinyontho ndi petulo wotsalira mu oyilo ziuluke. Ndi misewu yathuyi, oyilo wamba asinthidwe pa makilomita 5,000, kapena pakatha miyezi isanu ndi umodzi ngakhale galimoto itangokhala. Asinthidwe pamodzi ndi fyuluta yake. Amene mumathira oyilo watsopano n'kusiya fyuluta yakale kuti musunge ndalama, mwamudetsa oyiloyo tsiku lomwelo.

Palinso gulu la "kungowonjezera." Chaka chathunthu osakhuthula, akachepa amathirapo theka la lita, akachepanso amathiraponso. Mawa m'mawa, injini isanalire, tsegulani chitsekerero cha pothirira oyilo muchitembenuze. Mukaona phala lakuda lokakamira ngati phula, dziwani kuti momwemonso ndi mmene mulili m'timipata timene oyilo amadutsa popita pamwamba pa injini. Mukaona thovu loyererako, lofanana ndi tiyi wamkaka, ndipo madzi a mu ladiyeta akumachepa, musayende ulendo wautali musanaonane ndi makaniko, chifukwa mwina gasiketi yayamba kulowetsa madzi. Kenako sololani kachitsulo koyezera oyilo, galimoto ili pamalo osapendekeka, mukapukute, mukabwezere, musololenso. Oyilo akhale pakati pa zizindikiro ziwiri zija. Ntchito ya mphindi ziwiri, kamodzi pa sabata. Injini yakale imadyako oyilo pang'onopang'ono ngakhale isakudontha, ndipo tigalimoto tating'onoti sitinyamula oposa malita 4. Mukataya lita imodzi ndi theka, mwatsala ndi chiyani?

Nyale yofiira ya oyilo ija sikutanthauza kuti "mukafika muwonjezere." Ikayaka muli paulendo, ndiye kuti oyilo sakufika kumene akufunika. Imani pomwepo, zimitsani. Ena mumati "ndingofika pa Thondwe," ndipo injini imanoka musanafike n'komwe.

Mtundu wa oyilo nawonso muzifunsa. Injini zambiri za ku Japan zimenezi zinapangidwira oyilo wopepuka monga 5W-30, zina 0W-20. Injini ikatha ndithu makaniko wodziwa akhoza kukuuzani kuti mukwere pang'ono, koma chizolowezi chothira oyilo wolemera wa malole mu Vitz chifukwa ndiye wotchipa chisiyeni. M'mawa wa mu June kuno kumazizira, oyilo wolemera amachedwa kukwera, ndipo zitsulo zimakhulana zouma. Za oyilo wa m'mabotolo osamata wogulitsidwa m'mbali mwa msewu, amene simudziwa kuti wachokera m'galimoto ya ndani, sindikufuna n'komwe kutaya mawu.

Fyuluta ya mpweya muziyitulutsa nthawi ya fumbi, kuyambira August mpaka mvula itagwa. Yada, sinthani. Kuiguguda pa tayala sikuibwezera utsopano, ndipo kuyenda popanda fyuluta n'kumwetsa injini mchenga.

Tsopano za madzi. Pano ndi pamene galimoto zambiri za mu Zomba zimafera. Galimoto imabwera ndi coolant, madzi apadera oziziritsa injini, wofiira kapena wobiriwira, ndipo akangochepa mumatunga madzi a pampopi, ena a pa mjigo, ena mpaka a mu Likangala. Madzi wamba amachititsa dzimbiri, amasiya zoyangayanga m'timapaipi ta ladiyeta, amadya pampu ya madzi. Coolant amakhala ndi mankhwala oletsa zimenezo, ndipo mankhwalawo amatha mphamvu, n'chifukwa chake wamba amasinthidwa pakatha zaka ziwiri. Chitsekerero cha ladiyeta nacho si chivundikiro chabe. Chimasunga mphamvu ya mpweya m'katimo kuti madzi asawire msanga, ndipo labala wake akatha madzi amawira mukukwera mtunda, kuwirikiza apo kuno ndife okwera, madzi amawira asanafike madigiri 100. Kachitsekerero kameneko n'kotchipa kuposa nkhuku ziwiri za Khirisimasi, koma mumadikira mpaka gasiketi ipse.

Ndiye pali nzeru ina yopotoka imene yafala m'magalaja ena: galimoto ikayamba kutentha, achotse thermostat, kavavu kamene kamatsekulira madzi njira ya ku ladiyeta injini ikatentha, n'kutaya, akuti "kuno ndi kotentha, siifunika." Matenda enieni, kaya ndi ladiyeta yotsekeka, kaya ndi fani yosazungulira, amakhala ali pomwepo. Chimene mwapindula n'chakuti injini ikuchedwa kutentha m'mawa, ikumwa petulo wambiri ndipo ikutha msanga. Makaniko akakuuzani zimenezo, mufunseni kuti chikutenthetsa galimotoyo n'chiyani. Akapanda kuyankha, pitani kwina. Ndipo ladiyeta yotentha satsegula. Nthunzi imeneyo imasupula nkhope.

Ndifike pa chimene chimandidetsa nkhawa kuposa zonse, chifukwa apa si ndalama zanu zokha zimene zili pachiswe. Ife tili m'tsinde mwa phiri limene nsonga yake imapitirira mamita 2,000. Aliyense amene anatsikapo msewu wochokera ku Ku Chawe amadziwa makhotolo ake ndi phompho lili m'mbali. Imani m'munsi Lamlungu madzulo pamene anyamata akutsika kuchokera kokasangalala, mudzamva nokha fungo la mabuleki opserera galimoto isanakudutseni, mawilo akutsogolo akufuka utsi. Chifukwa chake n'chakuti atsika phiri lonse phazi lili pa buleki, ena giya ili pa N, ati kusunga mafuta. Misala imeneyo! Potsika chitunda chachitali injini ndiyo imathandiza kugwira galimoto. Ya manyuwo ikani giya yachiwiri. Ya otomatiki ikani pa 2 kapena L, ndipo zina zalembedwa S kapena B. Zilembo zimenezo sanaziike ngati zokongoletsera.

Brake fluid, mafuta a mabuleki aja, amakoka chinyontho cha mumpweya pang'onopang'ono. Akakhalitsa amakhala ndi madzi, ndipo mabuleki akatentha kwambiri madziwo amawira n'kusanduka nthunzi. Nthunzi imapanikizika, ndiye mukaponda buleki phazi limangopita mpaka pansi, galimoto osaima. M'tauni simungadziwe kuti vutolo lilipo, limadzaonekera pakati pa phiri muli ndi ana kumbuyo. Asinthidwe zaka ziwiri zilizonse, ndi mtundu umene walembedwa pa chitsekerero chake, DOT 3 kapena DOT 4. Ndifunse: alipo mwa inu amene anasinthapo chigulire galimoto? Ma pad akayamba kulira kwiii, akukuuzani kuti atha. Mukanyalanyaza, chitsulo chimadya chitsulo, ndipo mudzagula ndi ma disc omwe.

Matayala a kaunjika sindingakuletseni kugula, ndikudziwa mmene zinthu zilili. Chichokere kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, sipeya aliyense anakwera mtengo mosaneneka. Koma gulani maso ali otsegula. M'mbali mwa tayala mumakhala manambala anayi olembedwa m'kabokosi: awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka. Mukaona 2314, ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2014. Tayala lotere ngakhale mizere yake ikuoneka yakuya, labala wake anauma kale, yang'anitsitsani muona timing'alu. Ena mwa matayala obwera ndi galimoto za ku Japan ndi oyendera pa chipale chofewa, labala wake ndi wofewa, ndipo pa tala wotentha wa ku Liwonde mu October sagwira bwino komanso amatha msanga. Mizere ikafika pa mamilimita 1.6 tayala latha, musadikire kuti waya aonekere. Mpweya muziyeza matayala asanatenthe, mulingo wake walembedwa pa kapepala ka pa chitseko cha dalaivala. Ndipo tayala lapadera lija, munaliona liti?

Giyabokosi ndiikambe mwachidule koma mumve. Vitz, Sienta, Note, Tiida ndi Fit zambiri zili ndi giyabokosi ya otomatiki ya mtundu wa CVT, ndipo imeneyi ili ndi mafuta akeake. Si ATF, mafuta ofiira a giyabokosi aja amene tinazolowera mu Corolla zakale. Mukathira olakwika imayamba kunjenjemera ponyamuka, kenako kulira, kenako zii. Mtengo wa giyabokosi ina mukaumva mudzakhala pansi.

Funsaninso ngati injini yanu ili ndi lamba wa timing kapena tcheni, zimene zimachititsa kuti ma valve ndi ma piston aziyenda mogwirizana. Injini monga 1NZ ili ndi tcheni, chimene chimakhalitsa ngati oyilo ali woyera. Koma za Corolla zakale monga 5A ndi 4A, komanso dizilo monga 3L, 5L ndi 1KZ, zili ndi lamba, ndipo lamba ameneyu amasinthidwa cha pa makilomita 100,000. Sachenjeza, amangoduka. Pa injini zina, makamaka za dizilo, akaduka ma valve amagundana ndi ma piston, injini n'kuthera pomwepo. Ngati simukudziwa kuti anasinthidwa liti, muyese kuti sanasinthidwe.

Pansi pa galimoto muzisuzumirako. Timalabala tokuta ma CV joint, mfundo za zitsulo zozunguza mawilo, tikang'ambika girisi amatuluka, mchenga n'kulowa, ndipo pakangopita nthawi mumamva kwa-kwa-kwa pokhota. Kugogoda kwa kutsogolo mukadutsa pa bampu kumene mumakuphimba ndi nyimbo kukhoza kukhala ball joint, mfundo imene imagwira wilo, ndipo tonse tinaionapo galimoto itagwada pakati pa msewu wa ku Blantyre wilo litapindikira m'kati. Nthawi ya mvula matope ouma a m'munsimo muziwatsuka, amasunga chinyontho n'kudyetsa dzimbiri.

Za mafuta: mukamayenda nthawi zonse nyale ya thanki ikuyaka, mukupsereza pampu ya petulo, chifukwa ili m'thanki momwemo ndipo petuloyo ndiye amaiziziritsa. Ndikudziwa kuti mafuta akasowa munthu amagula a m'zigubu mosafuna. Koma dziwani kuti ena amasakaniza ndi palafini, ndipo petulo wathu kuno amakhala ndi ethanol amene amakoka madzi akakhala m'chigubu chosatseka bwino.

Amene munamata tepi yakuda pa nyale ya check engine kuti isamakusokonezeni, mukudzinamiza nokha. Amene mumabwereka matayala a mnzanu tsiku lokatenga COF, pepala lotsimikizira kuti galimoto ili bwino kuyenda pamsewu, n'kubweza madzulo, pepalalo silidzagwira buleki m'malo mwanu.

Mawu anga omaliza apite kwa inu mabwana a ma Sienta ndi ma minibasi oyenda Songani, Domasi, Jali ndi Namadzi. Mumafuna ndalama ya tsiku yokwana madzulo alionse, koma dalaivala akanena kuti mabuleki akulira mumamuyankha kuti "ayendeko kaye sabata ino." Galimoto yopangidwira anthu asanu ndi awiri mukuinyamulitsa khumi ndi matumba a chimanga pamwamba, ndiye mashoko, mabuleki ndi matayala zikutha mofulumira kuposa za galimoto ya pakhomo. Walira mvula walira matope, bwana. Pa ndalama ya tsiku lililonse muzipatulapo ya sevisi musanadye. Gulani kope la ana asukulu muike m'galimoto, muzilembamo tsiku, makilomita ndi chimene chasinthidwa, ndipo makaniko azikubwezerani sipeya wakale m'manja kuti muone ndi maso anu kuti wasinthadi. Dalaivala akakuuzani kuti buleki ikumira, galimotoyo isatuluke pa mpanda tsiku limenelo.